Chiwongolero cha Land Rover Series III chikukhota kwambiri mbali imodzi nditachibwezera, ndiyambire pati?

Mwini109 walemba:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukugwira magalimoto akale oyenda m'misewu yovuta. Ndili ndi Land Rover Series III ya chaka cha 1978, yaitali ija ya mainchesi 109, yokhala ndi chiwongolero kumanja. Galimotoyi yatha miyezi isanu ili pa zitsulo chifukwa ndinkakonza chasisi pamene dzimbiri linadya, makamaka chitsulo chopingasa cha kutsogolo chimene mumakhala relay, chida cha mikono iwiri chimene chimapatsira mphamvu ya chiwongolero ku ndodo zopita kumawilo. Kuti wowotcherera apeze mpata, ndinachotsa zonse za chiwongolero, kuyambira bokosi la chiwongolero ndi kolamu yake, drop arm (mkono wotsika kuchokera ku bokosilo), ndodo yaitali yochokera ku drop arm kupita ku relay, relay yeniyeniyo, mpaka drag link (ndodo yochokera ku relay kupita ku wilo) ndi track rod (ndodo yolumikiza mawilo awiri akutsogolo). Ndivomere kuti pomasula sindinaike chizindikiro paliponse, poti ndinkaganiza kuti chitsulo chilichonse chili ndi malo amodzi okha amene chingalowe.

Sabata yatha ndabwezera zonse. Ma ball joint, mfundo zolumikizira za kumapeto kwa ndodozi, onse asanu ndi imodzi ndaika atsopano, m'bokosi ndathira oyilo watsopano, ndipo manati onse ndamanga bwino. Koma nditatulutsa galimoto kuti ndiiyese, ndapeza kuti si ija ndinkaidziwa. Mawilo akaloza kutsogolo, chiwongolero chikuzungulira kamodzi ndi theka kupita kumanja n'kuima ngati chagunda khoma, pamene kumanzere chikuzungulira kawiri mpaka tayala kuyamba kukhula sipuling'i. Pokhotera kumanja ndikuchita kubwerera m'mbuyo pamalo amene kale ndinkangotembenuka kamodzi. Chiwongolerocho poyamba chinakhala chopendeka kwambiri, ndiye ndinachizula n'kuchibwezera chowongoka pa mano ake, ndipo pooneka chikuoneka bwino.

Chikundidetsa nkhawa koposa n'chakuti pamsewu wowongoka galimoto sikugwira mzere. Ikusocherera uku ndi uku, moti manja sakupuma, nthawi zonse ndikungoibweza. Nditaona kuti chiwongolero chikugwedera, ndinamanga pang'ono bawuti yosinthira imene ili pa chivundikiro cha bokosi. Kugwederako kunachepa ndithu, koma tsopano ndikazunguza chiwongolero theka kupita kumanzere pali malo amene chikulimba, ndipo sichikubwerera chokha ndikamaliza kukhota. Za mawilo, ndinayeza ndi tepi n'kuwatsegula kutsogolo mamilimita 2, monga anandiuzira mnzanga amene ali ndi Land Rover Defender.

Funso langa ndi lakuti, kodi bokosi lawonongeka, kapena ndasokoneza dongosolo pobwezera? Ngati ndasokoneza, ndiyambire pa chitsulo chiti kuti ndisamangomasula ichi n'kumanga icho mopanda mutu? Ndili ndi zida zokwanira ndi malo athyathyathya a simenti, koma makina oyezera mawilo ndilibe.

SipanalaYakale wayankha:

Bambo, musataye mtima, chifukwa pa zimene mwafotokozazi sindikuona chizindikiro chakuti bokosi lafa. Vuto lagona pakuti pakati pa bokosi ndi pakati pa mawilo sizikukumana, ndipo pozula chiwongolero n'kuchibwezera chowongoka munangophimba umboni umene ukanakuuzani zimenezi. Chiwongolero chopendeka chija chinkanena zoona.

Bokosi la galimoto zimenezi ndi la timipira tachitsulo tozungulira, ndipo lili ndi malo amodzi amene ndi pakati pake penipeni. Pamenepo ndi pamene liyenera kukhala galimoto ikamayenda mowongoka. Buku la galimotoyi limasonyeza kuti mphamvu ya bokosi si yofanana paliponse: pakati ndi 15.6 pa 1, ndipo kumapeto kwa kukhota imafika 23.8 pa 1. Tsono bokosi likakhala kuti lapendekera mbali imodzi mawilo ali owongoka, mbali imeneyo limafika kumapeto kwa ulendo wake mawilo asanamalize kukhota, n'chifukwa chake kumanja mukumva ngati mwagunda khoma. Chimenechi n'choopsa, popeza mphamvu yonse ya tayala likagunda mwala imathera m'kati mwa bokosi m'malo mothera pa bawuti yoimitsira imene ili pa swivel, chitsulo cha kumapeto kwa ekiselo chimene wilo limakhoterapo. Kulimba kumene mukukumva mukazunguza theka kupita kumanzere kukundiuza kuti pakati penipeni pa bokosi lanu pali pamenepo. Munamanga bawuti yosinthira bokosi lili pambali, pamene kugwedera kumakhalapo ndithu, ndiye likafika pakati likuthina. Masulani pang'ono bawutiyo lero lomwe musanayendenso, chifukwa mukapitiriza mudzadya zitsulo zimene n'zovuta kuzipeza.

Muyambire pa bokosi ndipo muzipita kumawilo chitsulo ndi chitsulo, osalumpha. Kwezani kutsogolo kwa galimoto, muikhazike pa zitsulo zochirikiza osati pa jeke yekha, kenako mulekanitse ndodo yaitali ija ndi drop arm kuti bokosi likhale palokha. Zunguzani chiwongolero pang'onopang'ono mpaka chiime kumanzere, muwerenge kuti chizungulira kangati kufika kumanja, ndipo mubwerere theka la chiwerengerocho. Musachimenyetse kumapeto, muzichifikitsa mofatsa. Mukapeza pakatipo, matani kachidutswa ka tepi pamwamba pa chiwongolero ndi kena pa kolamu moyang'anana, kuti musadzapatayenso. Pa nthawi imeneyi musalabadire mmene chiwongolero chikuonekera, ngakhale chitaima chadodolido.

Tsopano yang'anani drop arm. Pukutani bwino kumutu kwa shafuti imene ikutuluka m'bokosi ndipo muona kamzere, ndipo pa drop arm pali timizere tiwiri, kena ka galimoto za chiwongolero cha kumanja ndi kena ka za kumanzere, chifukwa chitsulocho anachipanga kuti chizigwira ntchito mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri amangolunjikitsa kamzere kamene aona koyamba. Ndikukayikira kwambiri kuti inunso ndi zimene zakuchitikirani, ndipo chithunzi cha m'buku chikuonetsani kamzere koyenera galimoto yanu. Pochotsa drop arm mugwiritse ntchito chozulira chake, musaimenye ndi hamala. Ndinaonapo bokosi labwinobwino limene mwini wake anatha ola lathunthu akumenya drop arm, ndipo titalitsegula tinapeza tizibowo ting'onoting'ono m'njira imene timipira tija timadutsa, moti chiwongolero chinkamveka ngati muli mchenga. Pobwezera muike washala yatsopano yokhomera nati ndi kuipinda bwino.

Mukachoka pamenepo mufike pa relay, imene ili ndi mikono iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, ndipo yonse imalowa pa mano. Apanso n'kosavuta kuphonya ndi dzino limodzi. Mfundo yake ndi yakuti zonse zikakhala pakati, mkono uliwonse uzikhala pafupifupi mopingasa ndi ndodo imene ukukankha, kuti ulendo wopita kumanja ulingane ndi wopita kumanzere. Mkono ukayamba uli wopendeka kale, mbali imodzi umakankha ndodo mtunda wautali ndipo mbali inayo waufupi, ngakhale bokosi litakhala pakati. Ngodya yeniyeni ya pakati pa mikono iwiriyi ili m'buku, ndipo ndi bwino kuidula pa katoni n'kuyerekezera pagalimoto kusiyana ndi kudalira diso. Bawuti yomangira mkono uliwonse idutse mu kampata kamene kali pa shafuti, chifukwa ndi kamene kamaletsa mkonowo kuvuuka. Mikono ikakhala m'malo, sinthani kutalika kwa ndodo yaitali ija mpaka ball joint ilowe yokha mu drop arm popanda kusuntha bokosi pa chizindikiro chanu. Ngati mukuona kuti mazinga a mbali imodzi atuluka kwambiri kuti zifikane, imani, chifukwa ndiye kuti pali mkono umene sunakhale pa dzino lake.

Chinanso, poti munachotsa kolamu yonse, onetsetsani mmene munaimangira. Bokosi limagwira ku chitsulo chochokera ku chasisi, pamene kolamu imagwiranso m'mwamba ku thupi la galimoto, ndipo mukamanga kwathunthu mbali imodzi n'kukokera inayo ndi mphamvu, kolamu imapindika pang'ono n'kuchititsa chiwongolero kulemera. Muike mabawuti onse ali omasuka, muone pamene pali mpata, mutsekepo ndi mashimu (tizitsulo topyapyala totsekera mpata), kenako mumange mosinthanasinthana. Bawuti yosinthira ija mudzaigwire bokosi lili pakati, muilowetse ndi zala mpaka kugwedera kuthe basi, n'kumanga nati yake. Chiwongolero chenichenicho mudzachiwongole pomaliza penipeni.

TepiNdiChoko wayankha:

Zimene anena a SipanalaYakale ndikugwirizana nazo, koma ine ndaima pa chiganizo chanu chimodzi, bambo, chakuti munatsegula mawilo kutsogolo mamilimita 2. Mnzanuyo sananame, kungoti anakupatsani muyeso wa galimoto yake. Defender imakoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse, ndipo mawilo akutsogolo akamakoka amafuna kudzitsekera m'kati, n'chifukwa chake amawasiya otseguka pang'ono. Series III pamsewu wabwino imayenda ndi mawilo akumbuyo okha, akutsogolo amangokankhidwa, ndipo msewu umawakokera kunja. Choncho yanuyi imafuna toe-in, kutanthauza kuti kutsogolo kwa mawilo kukhale kopanikiza kuposa kumbuyo ndi mamilimita a pakati pa 1.2 ndi 2.4. Mmene mwaikiramu tayala lililonse likufuna kupita kwake, ndipo limene lagwira msewu kwambiri pa mphindi imeneyo ndi limene likutsogolera galimoto. Kusocherera kwanu kwambiri kukuchokera pamenepa. Mukanayenda nazo nthawi yaitali mukanaona matayala akudyeka m'mphepete mwa m'kati.

Popanda makina mukhoza kuyeza molondola ndithu, bola mufatse. Galimoto itsike pa zitsulo, ikhale pansi pathyathyathya ndi kulemera kwake kwa masiku onse, matayala onse awiri akhale ofanana ndiponso a mpweya wofanana. Ikankheni m'mbuyo pang'ono kenako muibweretse kutsogolo mamita angapo n'kuiimitsa popanda kuibwezanso, kuti zitsulo zonse zikhale mmene zimakhalira poyenda. Lembani ndi choko pa mlomo wa m'kati wa limu lililonse, mbali ya kutsogolo, pa msinkhu wa pakati pa wilo, ndipo muyeze mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Kenako kankhani galimoto kutsogolo mpaka mawilo azungulire theka, zizindikirozo zifike kumbuyo pa msinkhu womwewo, n'kuyezanso. Chifukwa choyezera pa malo amodzimodzi a limu n'chakuti malimu a galimoto yakale sakhala owongoka kwenikweni, ndipo kupindika kwa mamilimita awiri kumene diso silingaone n'kokwanira kuwononga muyeso wonse. Musayeze pa mphira wa tayala, chifukwa umatupa mosiyanasiyana.

Tepi imakonda kulendewera pakati ndiponso kugunda masipuling'i, ndiye ine ndimagwiritsa ntchito timapaipi tiwiri tolowana, kena m'kati mwa kanzake. Ndimatitambasula mpaka nsonga zigunde malimu onse awiri, ndimalemba kamzere pamene tikulowanapo, ndipo ndikapita kumbuyo ndimangoyeza mmene kamzereko kasunthira. Sindifunanso kudziwa kutalika konse, ndimangofuna kusiyana kwake.

Track rod ili ndi mazinga a kumanja mbali imodzi ndi a kumanzere mbali inayo, choncho simufunika kuchotsa ball joint. Mungomasula ma clamp onse awiri n'kuzunguza paipiyo. Pa galimoto yanu track rod ili kutsogolo kwa ekiselo, ndiye kuifupikitsa kumatseka mawilo kutsogolo, pamene pa galimoto imene ili kumbuyo kwa ekiselo zimakhala mosemphana. Muzizunguza pang'onopang'ono, ndipo mukasintha kulikonse muziyendetsanso galimoto m'mbuyo ndi kutsogolo musanayeze, apo ayi mudzakhala mukuyeza kupotoka kwa mphira pa simenti. Musanamange ma clamp, onani kuti ma ball joint onse awiri akhala molingana, kuti ndodoyo izitha kugudubuzika pang'ono mukaigwira ndi dzanja. Ikakhala yomangika yosagudubuzika ndiye kuti ina yapendekera uku ina uko, ndipo zidzathera pa mabampu.

Pa dongosolo ndiwonjezere chimodzi. Mumalize toe-in musanagwire drag link, chifukwa drag link imafikira ku wilo limodzi lokha, ndipo mukasintha track rod pambuyo pake, malo amene galimoto imayendera mowongoka amasunthanso. Toe-in ikakhala bwino, imitsani mawilo mowongoka, bokosi likhale pa chizindikiro, n'kusintha drag link kuti ilowe yokha. Pamene ndikusiyanako pang'ono ndi bambo andiyambirawa ndi poyambira. Ine ndisanawerenge n'komwe kuzungulira kwa chiwongolero ndimayamba ndagwedeza wilo lililonse lili m'mwamba, dzanja lina pamwamba lina pansi. Ngati mabering'i kapena swivel zikugwedera, muyeso wa mamilimita awiri ulibe tanthauzo, chifukwa wilo lokhalo likusuntha kuposa pamenepo.

Mwini109 wayankha:

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi, mwanditsegula m'maso. Dzulo ndatha tsiku lonse pansi pa galimoto. Bokosi lili palokha linazungulira kanayi kosakwanira pang'ono, ndipo pakati pake panagweradi pamalo aja chinkalimbira. Nditapukuta drop arm ndi nsalu ya parafini timizere tiwiri tija tinaonekera, ndipo ndinali nditalunjikitsa kolakwika. Kuwonjezera apo mkono wam'munsi wa relay unali utaphonya dzino limodzi, ndipo ndikuona tsopano kuti ndinatalikitsa drag link mopitirira muyeso pofuna kuti zifikane, moti ball joint imodzi inangogwira ndi mazinga ochepa kwambiri. Nditaona zimenezo thupi linazizira, pokumbukira kuti ndinayenda nayo pamsewu waukulu.

Panopa chiwongolero chikuzungulira mofanana mbali zonse, kulimba kuja kwatha, ndipo toe-in ndaiika pa mamilimita 2 pogwiritsa ntchito timapaipi tija. Galimoto ikugwira mzere bwino kuposa kale. Koma kwatsala zinthu ziwiri. Ndikamayenda pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola n'kugunda kadzenje, chiwongolero chikunjenjemera kangapo chisanakhazikike, ndipo tsiku lina chinapitiriza mpaka ndinachepetsa liwiro. Komanso mwana wanga akamagwedeza chiwongolero ine ndikuyang'ana pansi, ndikuona relay yonse ikusuntha pang'ono m'munsi mwake mawilo asanayambe kusuntha. Pogwedeza mawilo ali m'mwamba sindinamve kugogoda kulikonse, kungoti akukhota mopepuka kwambiri ndi dzanja limodzi. Wina wandiuza kuti ndiike damper (shokabuzoba ya chiwongolero) yatsopano yamphamvu ndipo kunjenjemerako kutha. Kodi ndi njira yoyenera?

WaMasipuling'i88 wayankha:

Damper musaifulumire, bambo. Ntchito yake ndi kufewetsa kugunda kwa mwala kuti chiwongolero chisakuthyoleni chala, ndipo ikaikidwa pa galimoto yonjenjemera imangobisa matenda kwa miyezi ingapo kenako nayonso n'kutha. Mawu anu akuti mawilo akukhota mopepuka ndi dzanja limodzi ndi amene ali ndi yankho.

Pa ekiselo ya galimotoyi wilo limakhota pa swivel, imene m'mwamba ili ndi pini yolowa mu bushi ya Railko ndipo m'munsi ili ndi bering'i. Anazipanga kuti zizikhala zothina pang'ono mwadala, ndipo kuthina kumeneko ndi kumene kumameza kunjenjemera tayala likagunda dzenje. Zikadyeka, kuthinako kumatha kalekale kugogoda kusanayambe kumveka, choncho wilo limatha kupambana mayeso ogwedeza koma lili lopepuka kale mopitirira. Kuti mudziwe, chotsani tayala, mulekanitse ndodo zonse ndi mkono wa pa swivel, mukole sikelo ya mbedza pa bowo la ball joint n'kukoka mofatsa, ndipo muwerenge sikeloyo swivel itayamba kale kuyenda, osati pamene ikungodzuka. Nambala yoyenera mutenge m'buku la galimoto ya chaka chanu, ndipo muwerenge bwino ngati akunena silo yaikulu ya kumbuyo itachotsedwa, chifukwa silo imeneyo imawonjezera kulemera. Pansi pa pini yam'mwamba pali mashimu opyapyala, ndipo mukachotsapo imodzi kuthina kumakwera. Muzichotsa imodziimodzi n'kumanganso mabawuti kwathunthu musanayeze, ndipo mbali zonse ziwiri zifanane. Ngati mashimu atha koma sikelo ikadali pansi, bushi ndi kawashala ka pansi pake zatha, musinthe. Bushi yatsopano muinyowetse ndi oyilo musanaiike, chifukwa ili pamwamba pamene oyilo wa m'swivel safikapo msanga.

Za relay, kusuntha kumene mwaonako sikuyenera kukhalapo ngakhale pang'ono. M'mwamba imagwidwa ndi mabawuti awiri, koma m'munsi imadalira chitsulo chozungulira chimene chimamangidwa kunsi kwa chitsulo chopingasa chija. Popeza pamalopo panawotcheredwa, mwina bowo lakula kapena chozunguliracho sichikugwiranso thupi la relay. Chichotseni muone. Ngati chadyeka musinthe, ndipo ngati mpata ndi wa bowo, mutsekepo ndi kachitsulo kopyapyala kozungulira relay. Milimita imodzi pamenepa imasanduka kugwedera kwakukulu pofika m'manja mwanu. Muonenso ngati muli oyilo, chifukwa anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti relay imamwa oyilo wa magiya wa EP90 ngati bokosi lomwe. Chotsani mabawuti awiri oyang'anana a pa chivundikiro cham'mwamba, muzithira pa bowo limodzi mpweya ukutulukira pa linalo. Amalowa pang'onopang'ono kwambiri, moti ine ndimagwiritsa ntchito jakisoni wopanda singano ndipo ndimabwererapo kangapo pa tsiku.

Ndikuchenjezeni mwamphamvu pa chinthu chimodzi. Musayese kuphwasula relay kuti muone m'kati ngati simunaonepo mmene amachitira. Muli sipuling'i yamphamvu kwambiri yopanikizidwa pakati pa mabushi awiri, ndipo shafuti ikamenyedwa n'kutuluka, zonse zimauluka ndi mphamvu yokhoza kuvulaza nkhope kapena diso. Amene amaikonza amaikulunga kaye m'thumba lolimba n'kumanga pakamwa.

Poti munagula ma ball joint atsopano, muone ngati akugwirizana ndi mapaipi anu. Pa galimoto zimenezi pali mitundu iwiri. Ina ili ndi kaphewa kosalala kopanda mazinga pafupi ndi mutu, ndipo paipi yake nayonso ndi yosalala m'kati kumapeto kuti clamp ifinye pa kaphewako. Ina ili ndi mazinga mpaka kumutu ndipo imafuna paipi ya mazinga mpaka kumapeto. Mukasakaniza, zimalowana bwinobwino ndipo clamp imaoneka yomangika, koma sigwira mokwanira, ndipo mazinga amadyana mobisika mpaka tsiku limene ball joint idzasolokere. Masulani imodzi muunike ndi tochi m'kamwa mwa paipi.

Pomaliza, popeza galimoto inakhala miyezi isanu ili m'mwamba, ndikufunseni ngati munamasula masipuling'i. Ngati munatero, mabawuti a m'mabushi ake amangidwe galimoto itatsika n'kukhala pa matayala ake, ndipo ma U-bolt muwabwereze kumanga, chifukwa ekiselo ikamasuntha pa sipuling'i galimoto imadziwongolera yokha. Mashakolo, zitsulo zolendewera zimene zimalumikiza sipuling'i ku chasisi, akhalenso a kutalika kwake koyambirira. Galimotoyi inapangidwa ndi caster ya madigiri 3, imene imabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota, ndipo ilibe posinthira, koma mashakolo aatali kapena masipuling'i ofooka amapendeketsa ekiselo n'kuisokoneza.

Mwini109 wayankha:

Ndabweranso patatha masiku anayi. Swivel ya kumanzere inali yopepuka kwambiri moti sikelo inkangosuntha pang'ono, ndipo nditachotsa mashimu awiri opyapyala inafika pa muyeso wa m'buku. Ya kumanja inafuna shimu imodzi. Chitsulo chozungulira cha pansi pa relay ndinachipeza chitadyeka mbali imodzi ndipo ndasintha, ndipo relay inamwa oyilo wochuluka kuposa mmene ndinkaganizira, kusonyeza kuti inali youma kwa zaka. Ma ball joint ndi mapaipi akugwirizana, onse ndi a kaphewa. Masipuling'i ndinali nditawamangadi galimoto ili m'mwamba, ndiye ndawamasula n'kuwamanganso ili pansi. Toe-in nditayezanso inali itasuntha pafupifupi milimita imodzi, ndaibwezera, kenako ndakhudza drag link pang'ono, ndipo chiwongolero ndachiwongola pomaliza monga munanenera. Ndadutsa pa kadzenje komwe kaja katatu pa liwiro lomwe lija ndipo chiwongolero chikungogunda kamodzi n'kukhazikika. Chatsala ndi tayala lakumanzere, limene likukhulabe sipuling'i ndikakhota mpaka kumapeto.

SipanalaYakale wayankha:

Chimenecho ndi cha mabawuti oimitsira aja, bambo, amene ali pa swivel iliyonse ndipo ali ndi nati yokhomera. Kwezani galimoto, khotetsani mpaka kumapeto, muone bawuti imene ikuyenera kugunda pa mbali imeneyo, ndipo muitulutse mpaka pakati pa tayala ndi sipuling'i pakhale mpata wolowa chala momasuka. Ngati matayala anu ndi aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, bawutiyo ituluka kwambiri ndipo kukhota kuchepa pang'ono, muvomereze. Muchite chimodzimodzi mbali inayo, ndipo mutsimikize kuti mbali zonse ziwiri chimene chikuimitsa mawilo ndi bawuti, osati bokosi. Mawilo ali kumapeto choncho, yang'anani mapaipi a mphira a mabuleki kuti sakukokeka kapena kukhudza tayala. Nati iliyonse ya mipata pa ma ball joint ikhale ndi pini yake yatsopano yopindidwa. Mukayenda maulendo angapo m'msewu wa mabampu mulowenso pansi ndi sipanala, muyese nati ya drop arm, mabawuti a mikono ya relay, ma clamp onse ndi mabawuti ogwira bokosi ku chasisi, chifukwa utoto watsopano umene uli pansi pa zitsulozo umaphwanyika ndipo zimene munamanga zolimba zimapezeka zakhwefuka.